Ombwe: Kumuzindikira, Kumudzala ndi Kusunga Mbewu Yake Yodalirika

Pakati pa zitsamba za kwathu kuno ku Africa, n'zochepa zimene zimasenza ntchito zambiri ngati ombwe. Amakongoletsa pakhomo ndi ngala za maluwa oyera kapena a mtundu wa pepo, amatchinga mphepo m'malire a dimba, amabwezeretsa chonde m'nthaka yoguga, ndipo masamba ake amateteza mbewu ku tizilombo. Chifukwa cha zimenezi, mbewu yake yayamba kuyenda mitunda italiitali. Mabungwe amaigula n'kuigawa kwa alimi, eni nazale amaifunafuna, ndipo imadutsa malire a mayiko m'matumba amene kawirikawiri amangolembedwa dzina lokha.

Phunziro lino likufotokoza mmene tingamuzindikirire ombwe, malo amene amamuyenera, kadzalidwe ndi kasamalidwe kake. Koma mfundo imene aliyense wochita malonda a mbewu ayenera kuisunga ndi iyi: zitsamba ziwiri za ombwe zikhoza kufanana kuyambira kumizu mpaka kumaluwa, pamene china chili ndi mphamvu yopha tizilombo ndipo chinzake chilibiretu. Choncho kudziwa dzina la chomerachi ndi chiyambi chabe. Tiyenera kudziwanso kumene mbewu yake yachokera ndiponso ntchito imene ingagwire.

Mayina ake ndi kwawo

Ku Malawi chitsambachi chimatchedwa ombwe, mthuthu kapena katupe, ndipo kumpoto amati mtetezga. Ku Zambia ambiri amachidziwa ndi dzina lakuti ububa. Dzina lake la sayansi ndi Tephrosia vogelii. Analipereka ndi katswiri wa zomera wa ku England, Joseph Dalton Hooker, m'chaka cha 1849, pokumbukira Theodor Vogel, katswiri wa ku Germany amene anasonkhanitsa zomera pa ulendo wa ku mtsinje wa Niger ndipo anamwalira pa ulendo womwewo mu 1841.

Ombwe ndi wa banja limodzi ndi nyemba, nandolo, khobwe ndi mtedza. Monga abale akewo, ali ndi timatuza m'mizu yake mmene mumakhala mabakiteriya otenga nayitulojeni mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha zomera. Amapezeka m'madera ambiri otentha a Africa, kuyambira kumadzulo mpaka kum'mawa ndi kumwera, makamaka m'matsala, m'mphepete mwa nkhalango ndi pafupi ndi midzi. Kupezeka kwake pafupi ndi midzi kukusonyeza kuti makolo athu ankamudzala dala, kale alangizi asanabwere.

Mmene mungamuzindikirire

Yambani ndi msinkhu ndi tsinde. Ombwe ndi chitsamba cha nthambi zambiri, chofewa mtengo, chimene chimatalika kuyambira theka la mita mpaka mamita 4, ngakhale kuti m'minda yambiri chimalekera pa mamita 2 kapena 3. Nthambi zanthete zimakutidwa ndi ubweya wothithikana, wotuwa kapena wofiirira ngati dzimbiri, umene umamveka mofewa mukausisita ndi chala.

Kenaka yang'anani tsamba. Tsamba limodzi limakhala ndi timasamba tambiri tondandana tiwiritiwiri m'mbali mwa msempha, ndipo kunsonga kumakhala kamodzi kokha kopanda kanzake. Mukawerenga timasambato mupeza nambala yosagawika pawiri, kawirikawiri kuyambira 11 kupita m'tsogolo. Kalikonse ndi kotalika, kosapitirira masentimita 7, kobiriwira pamwamba koma kotuwa kunsi chifukwa cha ubweya wosalala. Timisempha take n'tambiri ndipo timayenda mondondozana kuchokera pakati kupita m'mphepete.

Maluwa amatuluka m'ngala zothithikana kunsonga kwa nthambi. Duwa lililonse limaumbika ngati la nyemba koma n'lalikulupo, pafupifupi masentimita 2 kapena 3, ndipo limanunkhira pang'ono. Zitsamba zina zimachita maluwa oyera, zina a mtundu wa pepo, ndipo zonsezo ndi ombwe. Kankhokwe kamene kamagwira duwa kumunsi kamakhala ndi ubweya wofiirira, choncho ngala imene sinamasule imaoneka ngati yawazidwa fumbi la katondo.

Chizindikiro chomaliza, ndipo chodalirika kwambiri, ndi makoko. Makoko a ombwe ndi aphwatalala, otalika masentimita 6 mpaka 14, okhuthala ndiponso okutidwa ndi ubweya wambiri ngati bulangeti. M'khoko limodzi mumakhala njere zapakati pa 6 ndi 18, zakuda kapena zoderako, zosalala, zokhala ndi kachipsera koyera pamene zinalumikizana ndi khoko.

Zomera zimene amasokonezedwa nazo

Mlimi wozolowera sangasokoneze ombwe wamkulu ndi chomera china, koma mbande ndi njere zimanamiza. Nandolo ali ndi timasamba titatu tokha pa tsamba lililonse ndipo maluwa ake ndi achikasu kapena ofiirira kunja. Jerejere ali ndi timasamba ting'onoting'ono tambiri topanda kamodzi kakunsonga, maluwa achikasu ndi makoko aatali owonda ngati chingwe. Zitsamba za mtundu wa Crotalaria zimachitanso maluwa achikasu, ndipo makoko ake ndi otupa, amene akauma amalira ngati maseche.

Chisokonezo chachikulu chili pakati pa ombwe ndi m'bale wake wa ku Asia, Tephrosia candida, amene kwawo ndi m'munsi mwa mapiri a Himalaya ku India. Uyu anabweretsedwa ku Africa ngati chomera chobwezeretsa chonde. Maluwa ake ndi oyera, timasamba take n'towonda, ndipo makoko ake ndi opyapyala, a ubweya waufupi wogona. Amene ali ndi chikayiko atenge nthambi yokhala ndi masamba, maluwa ndi makoko, aiumitse pakati pa mapepala, n'kuitumiza kwa akatswiri osunga zitsanzo za zomera, monga a National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba.

Chimene maso sangaone

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu umakhudza ombwe mwa njira yake. M'chaka cha 2012 akatswiri a ku Royal Botanic Gardens ku Kew ndi a ku Natural Resources Institute ya University of Greenwich, mogwirizana ndi anzawo ogwira ntchito ku Malawi, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa masamba a ombwe wolimidwa ndi alimi. Anapeza kuti pali magulu awiri osiyana m'kati ngakhale ali ofanana kunja. Gulu loyamba lili ndi mankhwala a m'banja la rotenone, makamaka deguelin ndi tephrosin, amene ndiwo amapha tizilombo. Gulu lachiwiri lilibe mankhwala amenewa. Lili ndi ena amene sapha tizilombo mofanana. M'malo 13 a ku Malawi amene anatengako zitsanzo, pafupifupi chitsamba chimodzi mwa zinayi zilizonse chinali cha gulu lachiwirili.

Kafukufuku wina, wofalitsidwa mu 2019, anayesa zitsanzo za ku Tanzania, Kenya ndi Malawi. Anapezanso magulu awiri aja, ndiponso gulu lachitatu lokhala ndi mankhwala a mbali zonse ziwiri, zimene zikusonyeza kuti magulu awiriwa amatha kuberekana akakhala pafupi.

Taganizirani tanthauzo la zimenezi kwa mlimi. Mayi wina walandira mbewu ya ombwe atauzidwa kuti masamba ake adzateteza khobwe wake kwa anankafumbwe. Wadzala, wasamalira chaka chathunthu, wasinja masamba n'kuwasakaniza ndi khobweyo. Ngati mbewu imene analandira inali ya gulu lachiwiri, pofika mwezi wa Novembala adzapeza thumba lili ufa wokhawokha. Wataya ndiwo za banja lake, wataya mbewu yodzala, ndipo sadzamveranso mlangizi amene anamuuza za ombwe. Mlandu wa zimenezi uli pa amene anapereka mbewu osadziwa chimene akupereka.

Gulu lachiwiri lili ndi ntchito yake. Limakongoletsa pakhomo, limatchinga mphepo ndipo limabwezeretsa chonde monga linzake. Vuto limabuka pokhapokha likaperekedwa kwa munthu amene akufuna mankhwala a tizilombo.

Malo omuyenera

Ombwe amakula bwino kuyambira m'zigwa mpaka m'mapiri otalika mamita pafupifupi 2,100, kumene mvula imafika mamilimita 850 kapena kuposerapo pa chaka. Amapirira nthaka yosauka ndi ya asidi imene mbewu zina zimaikana, koma amakondwa kwambiri m'dothi losakanikira mchenga, lotaya madzi msanga. Chimene sapirira ndi chinyontho chodikha: m'dambo lolowa madzi mizu imaola ndipo chitsamba chimafota m'masabata ochepa. Amafuna dzuwa lokwanira. Pansi pa mitengo ya mthunzi wambiri amangotalika n'kuwonda, maluwa n'kuchepa.

Posankha malo, kumbukirani kuti ombwe ndi wa poizoni. Musamudzale m'mphepete mwa dziwe la nsomba, pafupi ndi chitsime kapena pamene masamba ake angagwere mumtsinje. Pasukulu ya ana aang'ono ndi bwino kumuika kumalire a bwalo, kutali ndi posewerera.

Kudzala

Njere za ombwe zili ndi chikopa cholimba, choncho zina zimachedwa kumwa madzi. Njere zongokololedwa kumene zimameranso mozengereza. Zimachita bwino zikasungidwa miyezi iwiri zisanadzalidwe. Tsiku lodzala lisanafike, zinyikeni m'madzi ozizira usiku wonse, kapena m'madzi ofunda a madigiri 45 kwa mphindi zisanu. Madzi owira amapha njere. Zimene zayandama muzitaye, chifukwa zambiri mwa izo zimakhala mphwepwa kapena zofumbwa.

Ombwe safuna nazale. Dzalani mwachindunji mvula yodzalira ikagwa nthaka n'kunyowa bwino, njere ziwiri kapena zitatu pa phando, pakuya kwa masentimita awiri. Kukwirira kwambiri ndiko kumalepheretsa kumera m'minda yambiri. Mbande zimatuluka pakatha sabata imodzi kapena awiri. Zikafika msinkhu wa chikhatho, patulirani n'kusiya imodzi kapena ziwiri zamphamvu. Amene akufuna zitsamba zochepa zokongoletsera akhoza kufesa m'machubu n'kuwokera mbande zikadali zazing'ono, mizu isanapindike pansi pa chubu.

Kutalikirana kwa mapando kumadalira ntchito imene mukufuna. Pa mpanda wozungulira nyumba, dimba kapena ofesi, siyani theka la mita pakati pa mapando kuti nthambi zikumane msanga. Pa chitsamba choima pachokha kuti chionetse maluwa, chipatseni mita imodzi ndi theka mbali zonse. Pogoneka munda kuti ubwerere chonde, mita imodzi mbali zonse ndi yokwanira. M'munda wa chimanga, dzalani ombwe pamzere womwewo pakati pa mapando a chimanga. Iye amayamba pang'onopang'ono, motero salimbana ndi chimanga. Chimanga chikakololedwa amatsala m'munda n'kukula ndi chinyezi chotsalira. Njira zogoneka munda ndi zitsamba zotere zinayesedwa kwa zaka zambiri ku Msekera pafupi ndi Chipata ndiponso ku Makoka pafupi ndi Zomba, mothandizidwa ndi bungwe la ICRAF, ndipo ombwe anali m'gulu la zitsamba zimene alimi anazilandira chifukwa sizilira nazale.

Kusamalira

Miyezi iwiri yoyamba ndiyo yovuta, chifukwa mbande zimakula mochedwa ndipo udzu umaziposa. Palirani kawiri kapena katatu. Zikadutsa m'bondo zimadziteteza zokha ndi mthunzi wawo. Feteleza wa nayitulojeni safunika. M'nthaka yoguga kwambiri, manyowa pang'ono kapena feteleza wokhala ndi fosifolasi amathandiza mizu ndi timatuza tija.

Kuti mpanda ukhale wothithikana, tsinani nsonga zitsamba zikafika m'chiuno. Maluwa amayamba kuoneka mvula ikamatha kapena m'nyengo youma yotsatira, malinga ndi dera, ndipo kumene chinyezi chilipo amapitirira miyezi ingapo. Mukamadulira, musatsike kwambiri pa tsinde lokalamba, chifukwa ombwe saphukira bwino ngati gilisidiya. Ndi chitsamba cha moyo waufupi: pakatha zaka zitatu kapena zinayi chimayamba kuuma nthambi, choncho dzalani china pakati pa zakalezo chaka chimodzi zisanathe mphamvu. Mbuzi ndi ng'ombe kawirikawiri sizimudya, koma moto wolusa umamuwononga. Lambulani m'mbali mwa mpanda chilimwe chisanafike.

Mdani wake wamkulu ali m'nthaka. Mizu ya ombwe imagwidwa ndi tinyongolotsi tosaoneka ndi maso totchedwa nematodi, ta mtundu wa Meloidogyne, timene timatupitsa mizu. Timaswana pa ombwe n'kudikira mbewu yotsatira. Chifukwa cha ichi, musadzale fodya, tomato, nyemba kapena therere pamalo pamene mwangochotsapo ombwe. Tsatizani chimanga, mapira kapena mawere. Pofuna kusiyanitsa, zulani chitsamba chimodzi n'kupukusa mizu ndi zala. Timatuza tabwino ta nayitulojeni timakhala m'mbali mwa muzu, timathothoka mosavuta ndipo m'kati mwake ndi mofiirira. Zotupa za nematodi ndi muzu womwewo umene wafufuma, ndipo sizichoka.

Masamba ngati mankhwala

Mankhwala a m'banja la rotenone amatseka njira imene maselo a thupi amagwiritsira ntchito mpweya, ndiye chifukwa chake amapha tizilombo. Amaphanso nsomba mofulumira kwambiri, popeza amalowa m'magazi kudzera m'ziwalo zimene nsomba zimapumira. Kale anthu ankathira masamba osinja m'maiwe kuti agwire nsomba, koma mchitidwewu umapha zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndipo ku Malawi lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kupha nsomba ndi poizoni.

Pokonza mankhwala a m'munda, thyolani masamba, ayanikeni pamthunzi, sinjani n'kusefa. Nyikani kilogalamu imodzi ya ufawo m'malita 10 a madzi okhala ndi sopo pang'ono, musiye tsiku lathunthu, kenaka sefani ndi nsalu. Poperani madzulo, chifukwa dzuwa limaphwanya mankhwalawa msanga. Kuphwanyika msangaku kuli ndi ubwino wakuti satsalira nthawi yaitali pa mbewu, komanso kukutanthauza kuti muyenera kubwereza kupopera. Bungwe la WHO limaika rotenone m'gulu la mankhwala oopsa mwapakatikati, choncho wosinja ndi wopopera avale zotchinga pamphuno ndi m'manja. Mtondo wosinjira ombwe usagwirenso ntchito ya chakudya, zotsalira zisatayidwe m'madzi, ndipo mbewu zosungidwa ndi ufa wa masambawa zipetedwe ndi kutsukidwa bwino zisanaphikidwe.

Kukolola ndi kusunga mbewu

Makoko sakhwima nthawi imodzi, ndipo akauma kwambiri amasweka okha n'kumwaza njere. Kololani kangapo, posankha amene asanduka ofiirira ndipo akulira mukawagwedeza. Ayanikeni pa lona, apunthireni m'thumba, petani, n'kuchotsa njere zofumbwa ndi zonyala. Ubweya wa makoko umayabwa ndi kutsokomoletsa, motero ogwira ntchitoyi atchinge pamphuno. Njere zouma bwino, zosungidwa m'chotengera chosalowa mpweya pamalo ozizira, zimatha chaka ndi theka zikumerabe bwino. Musanagulitse, yesani kameredwe monga mwa mwambo wa ISTA: njere 400 m'magulu anayi a 100, n'kuwerenga padera zimene zatsala zolimba osamwa madzi.

Udindo wa wogulitsa mbewu

Malamulo ogwirizanitsa malonda a mbewu a SADC ndi COMESA anakhazikitsidwa poganizira kwambiri mbewu zikuluzikulu monga chimanga, nyemba, soya ndi mtedza. Mbewu ya zitsamba ngati ombwe kawirikawiri imayenda popanda dzina la mtundu kapena chiphaso. Pamene lamulo silinafike, dzina labwino la kampani ndilo limateteza mlimi. Pali zinthu zinayi zimene aliyense wochulukitsa mbewu ya ombwe angachite.

Choyamba, yambani ndi zitsamba zodziwika. Tumizani masamba ouma a zitsamba zimene mukufuna kutengako mbewu ku labotale yotha kuyeza deguelin, chitsamba chilichonse m'kathumba kake kolembedwa nambala. Kumene labotale ili kutali, yesani ndi anankafumbwe. Tengani mabotolo ofanana, muike khobwe wofanana muyezo ndi anankafumbwe ofanana chiwerengero m'lililonse. M'mabotolo ena thiranimo ufa wa masamba a zitsamba zimene mukuyesa, limodzi mulisiye lopanda kanthu kuti mufanizire. Pakatha masiku angapo werengani akufa, ndipo mubwereze kangapo musanagamule. Kuyesa kotere sikulowa m'malo mwa labotale, koma kumakuthandizani kuchotsa zitsamba zopanda mphamvu.

Chachiwiri, patulani munda wa mbewu. Maluwa a ombwe amadzibereketsa okha nthawi zambiri, komabe mabemberezi amawayendera ndipo akhoza kunyamula mungu kuchoka pa chitsamba china. Zulani ombwe aliyense wosadziwika gwero amene ali pafupi, ndipo tsatirani mtunda umene mumasiya pochulukitsa nandolo.

Chachitatu, musasakanize mbewu yogula kwa osonkhanitsa osiyanasiyana. Thumba lililonse likhale ndi nambala yake, boma limene lachokera ndi chaka chimene linakololedwa, kuti dandaulo likabwera mudziwe pobwerera.

Chachinayi, lembani zoona pa thumba. Ngati mbewu yachokera ku zitsamba zoyesedwa, nenani kuti ndi ya gulu lokhala ndi mankhwala ndipo tchulani chaka chimene munayesa. Ngati simunayese, lembani kuti ndi yokongoletsera, ya mpanda ndi yobwezeretsa chonde basi. Onjezani chenjezo lakuti chomerachi ndi cha poizoni kwa nsomba ndiponso kuti chimachulukitsa nematodi. Mbewu yodutsa malire ikhale ndi chiphaso cha zaumoyo wa zomera monga mbewu ina iliyonse.

Ombwe ndi wosavuta kulima. Mlimi amene wapatsidwa njere zodzaza chikhatho akhoza kukhala ndi mpanda wa maluwa chaka chisanathe, ndipo adzagawira anansi ake mbewu ya chaka chotsatira. Kufala msanga kotereku n'kumene kumachititsa kuti thumba loyamba likhale lofunika kwambiri, chifukwa chimene tapereka kwa mlimi mmodzi chidzakhala m'mudzi wonse pakatha zaka zitatu. Nyengo yokolola makoko isanafike, pitani m'minda ya amene amakugulitsani mbewu, ikani nambala pa zitsamba zawo, ndipo muyambe kuyesa masamba.